Chifukwa Chake Anthu a ku Canada Amakakwerera Ndege ku America

Ambiri tikamasaka tikiti ya ndege yotchipa timangoyang'ana masiku: kugula kudakali nthawi, kupewa nyengo ya Khirisimasi, kunyamuka pakati pa sabata. Zimathandiza ndithu. Koma anthu a ku Canada anazindikira kalekale kuti nthawi zina mtengo umadalira mbali ya malire imene ndegeyo ikunyamukira. Wa ku Toronto amayendetsa galimoto makilomita pafupifupi 160 kukakwerera ku Buffalo, wa ku Vancouver amatsikira ku Bellingham (yonseyi ndi mizinda ya ku America), ndipo bwalo la ndege la Plattsburgh, m'chigawo cha New York, mpaka limadzitcha bwalo la anthu a ku Montreal.

Gwero la nkhaniyi ndi funso la amene amalipirira bwalo la ndege. Kuyambira mu 1992, boma la Canada linayamba kupereka mabwalo akuluakulu m'manja mwa mabungwe osachita phindu, koma malowo ndi a boma ndipo mabungwewo amalipira lendi chaka ndi chaka. Ndalama za lendiyo, za kukonza misewu ya ndege ndi za kumanga nyumba zatsopano, zonse zimathera pamutu pa wokwera. Ku Toronto ndi ku Montreal, ndalama yokonzera bwalo yokha imapitirira madola 30 a ku Canada pa munthu aliyense wonyamuka, osawerengera ya chitetezo imene inayamba mu 2002. Ku America ndalama yofanana nayo lamulo linaimanga pa madola 4.50 a ku America, ndipo boma limathandiza mabwalo ndi thumba lapadera. Ine ndimaona kuti apa Canada analakwitsa. Dziko lalikulu chonchi, lomwe madera ena kumpoto kulibe n'komwe msewu wofikako, ndege si chinthu chongosangalalira ayi.

Kwinako ndi mpikisano. America inamasula msika wa ndege mu 1978, ndipo anthu ake ndi oposa 330 miliyoni, pamene Canada ili ndi pafupifupi 40 miliyoni. Kampani ya ku America siloledwa kunyamula anthu kuchoka ku Toronto kupita ku Vancouver, choncho Air Canada ndi WestJet ndi omwe agwira msika. Makampani otchipa amabwera n'kugwa: Swoop inamezedwa ndi WestJet mu 2023, Lynx Air inatseka mu February 2024.

Komabe tisawayamikire mopitirira a ku America. Ndege ikachedwa kwambiri chifukwa cha vuto la kampani, malamulo a Canada a mu 2019 amati kampani yaikulu ipereke chipukuta misozi chofika madola 1,000 a ku Canada. Ku America kulibe lamulo lotero, mumangokhala pabenchi kudikira. Chimene iwo ali nacho chabwino ndi lamulo la maola 24. Mukagula tikiti kukampani yeniyeniyo, patatsala sabata kapena kuposerapo kuti munyamuke, kampaniyo iyenera kukulolani kubweza tikitiyo pasanathe tsiku n'kulandira ndalama zanu zonse, kapena kukusungirani mtengowo kwa tsiku lathunthu musanalipire. Mukaona mtengo wabwino mukhoza kuugwira kaye, kenaka n'kuyerekezera ndi ena modekha.

Nanga kuwoloka malire kumapindulitsadi? Kwa banja la anthu anayi kapena asanu lopita ku Florida, kawirikawiri inde, chifukwa kusiyana kwa mtengo kumachulukana pa mutu uliwonse pamene galimoto ndi imodzi. Kwa munthu mmodzi muwerengere bwino mafuta, kolipira poimika galimoto sabata yonse, mzere wa pachipata, ndi dola ya America yomwe ndi yamphamvu kuposa ya Canada. Makampani otchipa a ku America ngati Allegiant amalipiritsa padera chikwama ngakhalenso kusankha mpando. Ndipo amene ali ku Canada pa maphunziro kapena pa ntchito, pasipoti yake ili ya dziko lina, ayambe waonetsetsa ngati akufunika viza ya America asanalipire kalikonse.