Spain idaumitsa mneni, France ikuupindabe

Ku Madrid munthu akafuna kunena kuti akulankhula amati "estoy hablando". Ku Lisbon amati "estou a falar", ndipo ndi mmenenso mungamvere ku Tete kapena ku Maputo. Mathero a -ando ndi -iendo, omwe Asipanishi amawatcha gerundio, adachokera ku Chilatini ndipo mayiko onse awiri, Spain ndi Portugal, adali ndi mathero a mtundu umenewu. Apwitikizi a ku Lisbon ndiwo adawasiya m'ziganizo zotere. Ku Brazil amanenabe "estou falando", chimodzimodzi anthu a ku Alentejo, kum'mwera kwa Portugal, kufupi ndi malire a Spain.

Koma chomwe chimandikoka mtima kwambiri ndi participio, mneni wosonyeza kuti chinthu chachitika kale. M'nthawi ya ndakatulo ya Cantar de mio Cid, cha m'ma 1200, mneniwu unkasintha motsatira dzina. Makalata, "cartas", ndi dzina lachikazi lochulukitsa, choncho munthu ankatha kunena "las cartas que he escritas", makalata omwe ndalemba, mneni akuthera ndi -as ngati dzinalo. Ponena za kupita kapena kubwera, ankagwiritsa ntchito mneni wothandizira "ser": "es venido", wabwera. Pang'onopang'ono mneni wina wothandizira, "haber", womwe umapereka "he" uja, udalanda malo onse ndipo mneni uja adauma. Lero ndi "he escrito" basi, kaya kalata ndi imodzi kaya ndi khumi. Antonio de Nebrija, polemba galamala yake mu 1492, adaona kale kuti mawuwa sakusinthanso, mpaka adawapatsa gulu lawolawo.

Ukawoloka mapiri a Pyrenees kulowa ku France zinthu n'zina. Afalansa adasunga zonse ziwiri: "je suis venu", ndabwera, ndi "les lettres que j'ai écrites", makalata omwe ndalemba, pomwe mneni ukusinthabe motsatira dzina. Lamulo la mgwirizano limeneli adalilemba ndi mlakatuli Clément Marot m'zaka za m'ma 1500, ndipo mpaka pano ana asukulu amatuluka nalo thukuta, poti m'aneni ambiri chilembo chowonjezeracho sichimveka n'komwe pakamwa.

Apa ine ndili kumbali ya Spain. Adalola galamala kutsatira pakamwa pa anthu, osati kukakamira chinthu chomwe khutu lidataya.

Nawonso Asipanishi ali ndi chawo chowavuta. Andrés Bello, wa ku Venezuela, mu galamala yake ya 1847 adadzudzula kugwiritsa ntchito gerundio ponena chinthu chochitika pambuyo, monga "cayó, muriendo al día siguiente", kutanthauza kuti adagwa n'kumwalira mawa lake. Aphunzitsi amachidulabe ndi cholembera chofiira, koma atolankhani sadachisiye.