Chitenje chathera pakhomo, tsopano chilankhule

Amayi anzanga, achemwali, ndi inu achimwene amene mumawerenga mwakachetechete, lero ndiyankhe funso limene limabwera kawirikawiri ndikaika pano ntchito za manja anga. Mumati: "Bwanji osagula penti ndi nsalu yatsopano n'kujambula chooneka bwino, m'malo motoleza zinyalala?" Ena mumawonjeza kuti akazi amene ndimapangawo amaoneka amwano, samwetulira, amayang'anitsa munthu m'maso. N'zoonadi, ndipo ndimachitira dala.

Maganizo anga ndi akuti nkhani ya mkazi wokana kuponderezedwa imamveka bwino ikafotokozedwa ndi zinthu zomwezo zimene anamupatsa kuti akhale chete. Penti ya m'sitolo sinaonepo kanthu. Koma chitenje chimene chinabereka ana mpaka kuperepeseka pakati, chimene chinamangapo ndalama za geni pamfundo ya kungodya, chimene mwini wake anachiyala pansi pa maliro n'kuchifunda ali kuchipatala, chimenecho ndi mboni. Tonse tinamvapo mawu aja akuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, mkazi ndi chitenje, amathera pakhomo. Amanenedwa moseka, koma ndi malangizo, ndipo atsikana ambiri apita nawo ku banja pamodzi ndi aja akuti banja n'kupirira. Ine ndimatenga chitenje chimene chatheradi pakhomocho, n'kuchidula, n'kusokamo mkazi amene wanyamuka. Ndikanatha kumujambula ndi bulashi, koma sakanalemera chimodzimodzi.

Njira imeneyi sindinayambe ndine, ndipo amene anayamba anali ndi zifukwa zazikulu. Ku Berlin, cha m'ma 1919, kunali Hannah Höch, mkazi mmodzi pakati pa amuna a gulu la zaluso lotchedwa Dada. Ntchito yake yolembedwa inali ku kampani yosindikiza ya Ullstein, komwe ankakonza mapatani a zopetapeta ndi zolukaluka a m'magazini a amayi. Ankatenga magazini ndi nyuzi, n'kumadula mitu ya andale, matupi a ovina, magudumu a makina, n'kumamata mosokoneza dala. Chithunzi chake chotchuka kwambiri chili ndi dzina lalitali lonena za kucheka dziko la Germany la nthawi imeneyo ndi mpeni wa kukhitchini. Pakona yake yam'munsi anamata mapu a Ulaya oonetsa mayiko amene akazi anali ndi ufulu wovota, ndipo pambali pa mapuwo anaikapo kankhope kake. Akazi a ku Germany anali atangovota koyamba mu Januwale 1919. Pa chionetsero chachikulu cha Dada mu 1920, anzake ena aamuna sankafuna kuti ntchito zake zilowe. Mmodzi wa iwo, polemba za gululi patapita zaka, chimene anamukumbukira nacho n'chakuti ankawapezera chakudya, mowa ndi khofi. Amenewa anali amuna odzitcha oukira chilichonse chachikale, koma pa mkazi anali achikale ndithu. Zimandipweteka chifukwa sizinathe. Pitani pa msonkhano uliwonse wa komiti, muone amene amatumidwa kukaona ngati tiyi wapsa.

Amene anandigwira mtima kwambiri ndi Betye Saar, mayi wachikuda wa ku Los Angeles wobadwa mu 1926. Iye ankayenda m'misika ya katundu wakale n'kumagula tizidole timene azungu a ku America ankakongoletsera makhitchini awo: mayi wakuda wonenepa, wovala mpango, wongosekerera, wokondwa kutumikira. Nkhope yotereyi inali ngakhale pa mapaketi a ufa wa zitumbuwa zawo, pansi pa dzina lakuti Aunt Jemima. Mu 1972 Saar anatenga kachidole kamodzi koteroko, kopachikapo mapepala olembapo zogula, n'kukaika m'kabokosi. Tsache limene kanali nalo analisiya m'dzanja limodzi, koma m'dzanja linalo anaikamo mfuti. Kutsogolo kwake anaikapo nkhonya yakuda yokwezedwa, pansi n'kuyalapo thonje. Anaitcha The Liberation of Aunt Jemima, kutanthauza kumasulidwa kwa Aunt Jemima. Taganizani bwino. Akanasema chidole chatsopano cha mkazi wankhondo, anthu akanangoti n'chokongola. Mphamvu yake inachokera pakuti chidolecho chinali chenicheni, chopangidwa kuti chinyoze, chinakhalapo pa khoma la munthu, ndiye n'chimene chinatembenuka. Kampani ya ufa ija inadzachotsa nkhopeyo mu 2020 ndi dzinalo mu 2021, patatha zaka pafupifupi 50.

Ndipo musaganize kuti izi n'za ophunzira zaluso okha. Ku Chile, asilikali a Augusto Pinochet atalanda boma mu 1973, anthu ankangosowa. Amayi osauka a mu mzinda wa Santiago, amene amuna ndi ana awo anatengedwa, anayamba kukumana m'magulu othandizidwa ndi mpingo wa Katolika n'kumasoka tizigamba pa ziguduli. Ankasokapo makomo awo, galimoto za asilikali, miphika yophikira limodzi, mpando wopanda munthu patebulo, ndi funso lakuti "Ali kuti?" Ena ankadula tizigambato ku zovala za munthu wosowayo. Nsalu zimenezi, zotchedwa arpilleras, zinkagulitsidwa kunja, ndalama n'kudyetsa ana, ndipo dziko lapansi linaona zimene nyuzi za kwawoko sizinkalemba. Poyamba olamulira ankazipeputsa poti n'zosokasoka za amayi.

Tsono kwathu kuno tili ndi chiyani choti tidule? Tili nazo zambiri moti ndimadabwa kuti sitinayambe kalekale. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yaifupi pagulu, ndipo linakhalapo mpaka 1993. Amayi athu anavina atavala nsalu za nkhope ya mtsogoleri, ena mokondwa, ena chifukwa kukana kunali koopsa. Matipate atabwera, nkhope zinasintha, mitundu inasintha, koma thupi lonyamula nkhopezo ndi lomwe lija, la mayi woimba kutsogolo kwa nsanja pamene olankhula pansanjapo ambiri ndi abambo. Nsalu zimenezo zikadali m'masutikesi ndi pansi pa matiresi, zina zinasanduka zigamba ndi nkhata. Mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo lija litachotsedwa, akazi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mabuluku ndi masiketi aafupi, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa, ambiri atavala mabuluku omwewo. Ndiye munthu akandifunsa chifukwa chake ndinadula buluku la jinzi la pa kaunjika n'kulisokera pakati pa chitenje cha chipani chofwifwa, yankho langa ndi zaka zimenezi: 1973, 1993, 2012. Sindifunika kulembapo mawu ambiri. Mayi aliyense wa zaka 50 akaima patsogolo pake amadziwa chimene akuona.

Tilinso ndi akazi oti tiwaike pakati pa ntchito zathu. Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200, anamangidwa ndi atsamunda mu 1959 ali ndi khanda, ndipo ufulu utabwera anathawanso m'dziko pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko lino, anakhala m'ndende kuyambira 1981 mpaka 1993. M'nthawi yawo panali owatcha osamva. Lero timawalemekeza, komabe mtsikana akayankha pa bwalo la mlandu wake womwe timati alibe mwambo.

Apa ndipamene ndimasiyana ndi anzanga ena achitsikana amene ayamba lusoli, ndipo ndikunena mwachikondi. Pa intaneti pali mtundu wina wa ntchito zotere umene wafala kwambiri: chithunzi chakale cha mzimayi wachizungu wa m'ma 1950, milomo yofiira, ndudu kukamwa, pambali pake mawu achingerezi onyoza ukwati. Kwawoko zili ndi tanthauzo, chifukwa akuyankha magazini amene ankauza agogo awo kuti chimwemwe cha mkazi ndi chitofu chatsopano. Koma ife tikasindikiza chithunzi chomwecho n'kuchimata pa katoni ku Ndirande, tikuyankha ndani? Agogo athu sanaponderezedwe ndi magazini amenewo. Kukana kwawo kunali kumanga katundu pa chitenje n'kubwerera kwawo anthu akuti pirira, kukana chokolo, kubisa ndalama ya fizi ya mwana wamkazi m'chitini cha mchere, kukana kutuluka m'nyumba imene anamanga nawo achibale a malemu atabwera kudzalanda katundu. Zida za nkhondo imeneyo ndi lichero, mthiko wopserera kumapeto, mikanda yoduka, mpango wa kumvano, doilo loluka ndi manja, khadi la kusikelo, kiyi wa loko. Zimenezi sizipezeka pa intaneti. Zili kudzala, kwa telala, m'chikwama cha azakhali.

Onani Billie Zangewa. Anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, ndipo amagwira ntchito yake ku Johannesburg. Amasoka pamanja zidutswa za silika, ndipo m'mphepete mwa nsalu zake amasiya mosalingana, pena pooneka ngati pabenthuka, osabisa kuti n'zolumikiza. Mu 2010 anasoka mkazi wakuda wamtali kuposa nyumba zosanja za Johannesburg, akuyenda pamwamba pa mzindawo. Koma zambiri zimene amasoka n'zapakhomo: iye mwini ali kukhitchini, ali ndi mwana wake, akuwerenga, akupuma. Poyamba munthu ungati palibe kuukira pamenepo. Yang'anitsitsani. Mkaziyo sakudikira aliyense, sakuonetsera aliyense, nthawiyo ndi yake. Kwa ife amene tinaleredwa kuti mkazi akakhala pansi masana ndiye kuti ndi waulesi, chithunzi cha mkazi amene wangokhala n'kumawerenga n'cholimba mtima kwambiri. Ntchito zake zimaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso kunja, koma ndi ana angati a sukulu kuno amene anamvapo dzina lake?

Kwa amene mukufuna kuyamba, ndinene za manja pang'ono, chifukwa uthenga wabwino pa ntchito yosalimba umagwa pansi mvula yoyamba. Nsalu yakale ichapeni, iume bwino padzuwa, muisite musanaidule, apo ayi chinyezi chimabweretsa nkhungu pansi pake. Phala la ufa wa chinangwa limamata ndithu, koma mphemvu ndi chiswe zimalikonda. Guluu woyera wa akalipentala, wothira timadzi pang'ono, ndiye amakhalitsa pa pepala. Nsalu yokha ndi bwino kuisoka kusiyana n'kuimata, chifukwa guluu amaiumitsa n'kuisiyira mabanga, komanso msoko wa pamanja umaoneka, ndipo kuonekako ndi mbali ya nkhani. Zolemera monga makiyi, zitsekerero za mabotolo ndi masupuni zimafuna kuboola thabwa n'kuzimanga ndi waya. Chitsulo cha dzimbiri chimadetsa nsalu m'kupita kwa nthawi. Nthawi zina ndimafuna zimenezo, koma ngati simukufuna, chipakeni vanishi kaye. Nyuzi imasanduka yachikasu ikamawombedwa ndi dzuwa, ndiye musapachike moyang'anizana ndi windo. Ndipo lichero lakutha ndi pogwirira ntchito pabwino kuposa felemu ya m'sitolo, poti singano imalowa yokha m'mipata ya nsungwi.

Chovuta kwenikweni si guluu, koma chilolezo. Zinthu zakale zili ndi eni ake, amoyo ndi akufa omwe. Chithunzi cha ku situdiyo cha mayi amene simukumudziwa, chimene mwachipeza m'buku logula pamsika, si chanu choti mumatepo mawu amene iye sananene. Ali ndi ana, ali ndi adzukulu, ndipo dziko lathu ndi laling'ono. Ngati tikudandaula kuti akazi akhala akulankhuliridwa ndi ena, ifenso tisawalankhulire mokakamiza. Ine nkhope za anthu wamba ndimazisoka ndekha ndi ulusi, kapena ndimapempha kwa mwini wake. Chimodzimodzi zovala za malemu: funsani akuluakulu a pabanja, ndipo akakana, zisiyeni. Zinthu za kuchinamwali ndi za kudambwe zili ndi malamulo ake, ndipo kutsutsa nkhanza sikutanthauza kuyalutsa zonse za makolo. Pali malangizo ena a anamkungwi amene ndimatsutsana nawo poyera, koma anamkungwiwo ndi akazi anzanga, ndipo ndikufuna adzaime patsogolo pa ntchito yanga n'kukangana nane, osati kuchoka atanyozeka.

Chimene ndimakonda popempha n'chakuti chinthu sichibwera chokha. Mukapempha mayi wachikulire chitenje chakutha, amafunsa kuti mukufuna chachiyani, ndipo mukafotokoza, amakhala pansi. Amakuuzani chaka chimene anachigula, anagulitsa chiyani kuti achipeze, ndani anang'amba pakonapo ndipo chifukwa chiyani. Nkhani zina mwa izo ana awo omwe sanazimvepo. Pamenepo m'pamene ndimadziwa choti ndidule ndi choti ndisiye, ndipo nthawi zambiri malo ong'ambikawo ndi amene ndimaika pakati penipeni.

Za mtengo, poti ena mumati zinyalala sizingagulidwe ndalama zambiri: simukulipira nsanzayo, mukulipira masabata a kusoka ndi diso limene linasankha. Telala sitimuuza kuti atsitse mtengo chifukwa nsalu tabwera nayo tokha. Ndipo inu aphunzitsi a zaluso m'sukulu zathu, amene mumadandaula kuti palibe penti ndi mapepala, kwa telala aliyense wa pakhonde la sitolo kuli thumba la zotsalira limene amataya kapena kugulitsa motchipa. Atumeni ana akatenge, auzeni za Billie Zangewa ndi amayi a ku Santiago, kenako afunseni atsikanawo chimene anauzidwapo kuti mkazi sachita. Amene muli ndi zitenje za misonkhano yakale zimene simukuvalanso, za chipani chilichonse, ndilembereni; ndikuzifuna, ndipo ndidzabwera kudzamva kaye nkhani yake ndisanagwire lumo.