Ndisanavote, ndiloleni ndiwerenge kaye nkhaniyo

Sabata ino yokha ndalandira mauthenga anayi ofanana ngati analembedwa ndi dzanja limodzi. "Ndili mumpikisano wa nkhani zazifupi, chonde ndivotereni, linki ndi iyi, mugawirenso anzanu." Mwa anayiwo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndiwerenge nkhani yake. Onse anangopempha chala changa kuti chidine. Zimenezi zakhala zikundisowetsa mtendere, ndiye lero ndati ndilankhule poyera, chifukwa anthu amene ananditumizirawo ndimawakonda, komanso ntchito yolemba imene tonsefe timaivutikira ndimaikonda.

Inenso ndinalakwapo. Mnzanga wapamtima atandipempha voti chaka china, ndinadina nthawi yomweyo n'kumuuza kuti zatheka. Mpikisano utatsekedwa m'pamene ndinakhala pansi n'kuwerenga nkhani khumi zimene zinafika m'chigawo chomaliza. Ya mnzangayo inali yabwino ndithu. Koma panali ina, ya munthu amene mpaka lero sindimudziwa, yonena za bambo wokalamba amene ankaphunzira kulemba dzina lake kuti akasaine yekha pa chikalata chotulutsira mkazi wake m'chipatala. Mawu ake sanakwane ndi 1,000 omwe, koma nditaimaliza ndinangoti duu, foni ili m'manja. Nditayang'ana mavoti, nkhani imeneyo inali pafupi ndi pansi penipeni. Voti yanga inali ya bambo wokalambayo, ndipo ndinaipereka kwina ndisanamuone n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo sindivota ndisanawerenge.

Ena mudzati voti imodzi ili ndi ntchito yanji pakati pa mavoti mazanamazana. Ntchito ili nayo, makamaka ikabwera koyambirira, ndipo ofufuza anaziyesa. Mu 2006, Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 14,000. Anawapatsa nyimbo 48 za oimba osadziwika kuti azimvera n'kutenga zimene zawasangalatsa. Gulu lina linkasankha osaona zimene anzawo asankha. Ena onse anawagawa m'magulu asanu ndi atatu, ndipo gulu lililonse linkaona chiwerengero cha anthu a m'gululo amene atenga nyimbo iliyonse. M'magulu oona chiwerengerowo, nyimbo imene yangotsogola pang'ono inkathawiratu patali, ndipo nyimbo yomweyomweyo inkatha kukhala pamwamba m'gulu ili koma kumunsi m'gulu linalo. Zabwino zedi sizinkagwa kawirikawiri, zoipa zedi sizinkakweranso kawirikawiri, koma zapakatikati zonse zinkayendera mwayi wa amene wayamba kudina. Mu 2013, Lev Muchnik, Sinan Aral ndi Sean Taylor anayesanso pa tsamba lina la pa intaneti pomwe anthu amavotera ndemanga za anzawo. Ankangosankha ndemanga mwachisawawa n'kuipatsa voti imodzi yoyamikira itangolembedwa kumene. Voti imodzi yabodzayo inawonjezera ndi 32 peresenti mwayi woti wobwera pambuyo ayamikirenso, ndipo pamapeto ndemanga zoterozo zinkatha zili pamwamba ndi pafupifupi 25 peresenti.

Tsono taganizirani mpikisano wa nkhani zazifupi umene chiwerengero cha mavoti chili poonekera pansi pa mutu wa nkhani iliyonse. Mlembi amene ali ndi achibale ambiri pa WhatsApp ndi anzake ambiri pa Facebook amapeza mavoti 60 tsiku loyamba. Wowerenga weniweni akafika tsiku lachitatu, nthawi yake ndi yochepa, nkhani zilipo 80, amayambira pa zimene zili pamwamba. Za pansizo sazitsegula. Mlembi wamanyazi uja, amene anatumiza nkhani yake n'kukhala chete, wagonja asanawerengedwe.

Musaganize kuti vutoli ndi la timipikisano ting'onoting'ono tokha. Mphoto za Hugo, zimene zinayamba mu 1953 ndipo zimaperekedwa pa zolemba zopeka za sayansi ndi zamatsenga, zimasankhidwa ndi owerenga. Mu 2015 magulu awiri anavotera mindandanda yawo iwiri ya mayina, imene inali yofanana kwambiri, ngati munthu mmodzi, mpaka m'zigawo zina mayina onse ofika kumapeto anali awo okha. Owerenga ena anakwiya, ndipo pa voti yomaliza anasankha kuti m'zigawo zisanu mphoto isaperekedwe kwa aliyense. Chimodzi mwa zigawozo chinali cha nkhani yaifupi. Chaka chonsecho chinadutsa popanda nkhani yaifupi yolandira Hugo, ngakhale kuti nkhani zabwino zinalembedwa chaka chimenecho monga zaka zina zonse. Pambuyo pake anasintha kawerengedwe ka mavoti osankhira ofika kumapeto kuti gulu limodzi lisamadzaze mndandanda wonse. Chimene chimandipweteka ine m'nkhani imeneyi ndi alembi amene sanali mbali ya mkanganowo, amene ntchito yawo inakankhidwira kunja popanda mlandu.

Ndikudziwa zimene mnzanga wolemba angandiyankhe: malamulo a mpikisano amalola kupempha mavoti, ndipo ndikapanda kupempha, anzanga apempha. N'zoona. Okonza mipikisano ambiri amafuna anthu ochuluka afike pa tsamba lawo, n'chifukwa chake amalimbikitsa kugawa linki. Sindikunena kuti mubise nkhani yanu. Igaweni, ifike kutali. Chimene ndikupempha n'chakuti musinthe mawu a pempholo. Nenani kuti, "Ndalemba nkhani, iwerengeni pamodzi ndi zina zingapo, ndipo ikakukhutitsani muivotere." Mawu amenewa akupatsani mavoti ochepa kuposa aja a "dinani apa", koma akupatsani owerenga, ndipo wowerenga mmodzi amene wamaliza nkhani yanu adzabweranso pa yotsatira. Azakhali anu amene anadina asanawerenge sadzakumbukira ngakhale mutu wake.

Pali chinanso chimene chimachitika pakati pa ife alembi tokhatokha, chimene sitikonda kuchitchula. Ndivotere ndikuvotere. Kapena choipa kuposa pamenepo, kupatsa nyenyezi imodzi nkhani imene ukuona kuti ikuopseza yako. Kutsegula maakaunti atatu. Munthu amene wachita zimenezi angathe kupambana, koma wadzimana chinthu chimodzi chimene analowera mumpikisanomo, chomwe ndi kudziwa ngati nkhani yake ikugwira mtima wa mlendo.

Koma chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi ndemanga, chifukwa mavoti amatha ntchito tsiku lolengeza opambana, pomwe ndemanga yabwino mlembi amayenda nayo zaka.

Taonani zimene timalemba pansi pa nkhani za anzathu. "Zabwino kwambiri." "Luso lilipo, pitirizani." Kenako timoto titatu ndi timanja towomba. Sindikunyoza mtima wa olemba zimenezi, chifukwa mawu okoma amalimbitsa munthu amene wangoyamba kumene. Kungoti mlembi akatseka foni n'kutenga cholembera, mawu amenewo samuuza chilichonse choti achite. Sadziwa ngati munamaliza kuwerenga. Sadziwa chimene chinali chabwinocho kuti adzachitenso.

Ndemanga imene inandisintha ine inachokera kwa munthu wosamudziwa, ndipo inali ya mizere itatu. Anati nkhani yanga inathera pamene mtsikana uja anatseka chitseko, ndipo ndime ziwiri zotsatirazo zinkangomufotokozera zimene anali atamva kale. Anawonjezera kuti ndimukhulupirire iye wowerenga. Zinandiwawa. Ndime ziwirizo ndinali nditazilemba kasanu, ndipo ndinkaziona ngati mtima wa nkhani yonse. Ndinakhala masiku awiri osayankha. Tsiku lachitatu ndinaphimba ndime ziwirizo ndi dzanja n'kuwerenganso kuyambira pamwamba, ndipo nkhaniyo inaima yokha bwinobwino, yolimba kuposa kale. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu ameneyo sindinamuonepo nkhope, koma nkhani iliyonse imene ndalemba kuchokera nthawi imeneyo ndimaifunsa funso lake: kodi yathera pati kwenikweni?

Chimene chinapatsa mphamvu ndemanga imeneyo n'chakuti inaloza malo. Inatchula chitseko. Ndiye ine ndikamalemba ndemanga, ndimayesetsa kuika chala pa chiganizo chenicheni. Ndimauza mlembi chimene chinandichitikira ndili mkati mowerenga: apa ndinaseka, apa ndinasokonezeka kuti akulankhula ndani, apa maganizo anga anachoka ndipo ndinayamba kudumpha mizere, apa ndinabwerera m'mbuyo kuti ndimvenso kukoma kwake. Zimenezi mlembi sangazione yekha, chifukwa iye nkhani yonse ili m'mutu mwake, ndipo mipata imene yatsala papepala amaidzaza osazindikira. Sipafunika sukulu ya zolembalemba kuti munthu anene pomwe anatopa. Aliyense amene wawerenga ndi mtima wonse angathe.

Nkhani yaifupi ili ndi matenda akeake, ndipo ukawerenga zambiri mumpikisano umodzi umayamba kuwazindikira. Ambiri timayambira kutali kwambiri, mpangankhani akudzuka, kusamba, kuyang'ana kumwamba, pomwe chochitika chenicheni chikubwera pa ndime yachisanu, mawu ololedwa atatsala theka. Timalowetsa anthu asanu ndi awiri m'nkhani imene ingasenze awiri kapena atatu. Timauza wowerenga kuti mayiyo anali wachisoni m'malo momuonetsa akupinda malaya a mwana amene kulibe. Ndipo pomaliza, mantha akatigwira, timadzutsa mpangankhani kuti zonsezo anali maloto. Mukaona chimodzi mwa izi m'nkhani ya mnzanu, muuzeni. Koma sankhani chimodzi kapena ziwiri zazikulu. Munthu ukamuthira zolakwa khumi ndi ziwiri nthawi imodzi, kuphatikizapo mpumiro uliwonse wosowa, sakonza chilichonse, amangotseka tsambalo. Zolakwika za kalembedwe ka mawu n'zosavuta kuziona, n'chifukwa chake timathamangira kumeneko, koma mafupa a nkhani ndi amene amafunika maso a munthu wina.

Palinso msampha umene alembi timagweramo kuposa owerenga wamba: kulembera mnzathu nkhani yathu. "Ndikanakhala ine, mnyamatayo akanafa kumapeto." Imeneyo ndi nkhani yanu, kailembeni. Funso loyenera ndi lakuti, mlembiyu amafuna kufika kuti, ndipo wafika kodi? Nkhani yachikondi isamaweruzidwe chifukwa inu mumakonda zoopsa. Ngati mtundu wa nkhaniyo suli wa kumtima kwanu, nenani zimenezo poyera musanapereke maganizo, kuti mlembi adziwe mmene angawayezere.

Za nkhanza ndinene mwachidule. Ena amabisa mwano m'dzina la chilungamo. "Izi ndi zinyalala, siyani kulemba." Mawu amenewo alibe thandizo lililonse, ndipo kuseri kwa dzina lachilendo limene mukuliona pa foni kungakhale mwana wa zaka 16 amene aka n'koyamba kuonetsa anthu zimene walemba. Dzudzulani chiganizo, musakhudze munthu. Ndipo tchulani chimene chagwira ntchito, ngakhale chikhale chimodzi, molozanso malo ake, chifukwa mlembi wosadziwa mphamvu zake amatha kuzifufuta pokonza nkhani.

Inu amene mwalandira ndemanga yowawa, musathamangire kuyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mukuyenera kufotokozera wowerenga zimene mumatanthauza, ndiye kuti papepala sizinafike. Si ndemanga iliyonse imene ili yolondola, ndipo nkhaniyo ndi yanu, mawu omaliza ndi anu. Koma anthu atatu osadziwana akakhumudwa pa ndime imodzimodzi, pamenepo pali mwala.

Kwa okonza mipikisano ndili ndi mapempho ochepa, ndipo onse ndi otheka. Bisani mayina a alembi mpaka kuvota kutatha, monga imachitira mipikisano yambiri ya oweruza imene imaletsa mlembi kuika dzina pa nkhani yake. Bisaninso chiwerengero cha mavoti. Sakanizani ndondomeko ya nkhani kuti aliyense wofika apeze ina pamwamba. Ndipo m'malo mwa kudina kamodzi, wovota asanje nkhani zitatu zimene zamukomera, yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, chifukwa wobwerera mbale wake yekha adzakakamizika kutsegulako zina ziwiri. Ngati n'kotheka, pakhale mphoto ziwiri zosiyana, ya oweruza ndi ya owerenga, kuti aliyense adziwe chimene chikuyezedwa.

Anzanga anayi aja ndawayankha onse mofanana. Ndawauza kuti Loweruka ndikhala pansi ndiwerenge nkhani zawo pamodzi ndi zina zimene zili nawo mumpikisano, kuti aliyense ndimulembera ndemanga yoloza malo, ndipo voti ndiipereka komwe mtima wanga ugwidwe. Awiri sanayankhe. Mmodzi wangoti, "Chabwino." Wachinayi wanditumizira uthenga usiku wathawu kuti ndikafika pa ndime yachitatu ya nkhani yake ndimuuze ngati mawu a agogo aja akumveka ngati a munthu wamoyo, chifukwa iye wakhala akukayikira pamenepo kuyambira tsiku limene anaitumiza. Ndiyambira yakeyo.