Madala wa ku Mozambique ali m'buku, nanga agogo athu a ku Magomero ali kuti?

Kabuku kake n'kochepa, muli nkhani 7 zokha, koma kandisiya ndi mkwiyo umene sukuphwa. Ndikunena Nós Matámos o Cão-Tinhoso, kolembedwa ndi Luís Bernardo Honwana wa ku Mozambique. Kanatuluka mu 1964 mwini wake ali mnyamata wa zaka 22, ndipo a Heinemann anakasindikiza m'Chingerezi mu 1969. Mkwiyo wangawu sukulunjika kwa Apwitikizi, amenewo mbiri inawaweruza kale. Ukulunjika kwa ife Amalawi. Anzathu a tsidya linalo, omwe aja timakonda kuwaderera kuti sukulu inawadutsa, analemba za munda wa mzungu ndi kulimba mtima kumene ife sitinakufikeko, pamene ife ndi amene timayenda ndi nkhope ya Chilembwe m'thumba tsiku ndi tsiku.

Tengani nkhani ya mutu wakuti Dina. Mkulu wina, Madala, akuzula udzu m'munda wa chimanga wa mzungu, dzuwa lili paliwombo. M'mimba mukumupota, msana wauma ndi kuwerama, koma sangaweramuke kapitawo asanalamule kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana. Honwana sathamanga nanu ayi. Amakusungani m'mizere ya chimangayo mpaka nanunso mumayamba kulakalaka kapitawoyo atafuula. Nthawi yopuma itakwana, mwana wamkazi wa Madala, Maria, akubwera kudzaona bambo ake. Kapitawo, amene ndi mzungu, akumutengera mtsikanayo m'chimanga momwemo, bambo ake akuona, antchito akuona. Anyamata magazi awira, maso onse ali pa Madala, akungodikira kuti alankhule liwu limodzi. Kapitawo atamva kuti mtsikanayo ndi mwana wa nkhalambayo, akubwera ndi botolo la vinyo. Madala akulandira, akumwa, akubweza botolo, ndipo onse akubwerera kukawerama.

Palibe amene akulalikira m'nkhaniyi. Palibe ndime yotiuza kuti tsankho ndi loipa. Wolemba wangotionetsa chimene umphawi umachita ukakumana ndi khungu: umalanda munthu ngakhale ufulu wokwiya, chifukwa mawa m'mawa ayenera kudzukira m'munda womwewo. Ndawerenga mabuku ambiri onena za atsamunda, koma botolo limenelo linandipweteka kuposa mfuti zonse.

Ndipo si munda wokha. Honwana anakulira ku Moamba, katauni ka alimi kumwera kwa Mozambique, ndipo moyo wa katauni kotere uli m'bukumo wathunthu: bwana wa boma, mwini kantini, sukulu, bwalo la mpira pomwe ana a azungu, a amwenye, a makaladi ndi a anthu akuda akusewera limodzi koma aliyense akudziwa pomwe ayenera kulekezera. M'nkhani ina galu wa mzungu walumidwa ndi njoka, mzunguyo n'kubwera pakhomo kudzazazira bambo wa m'nyumbamo pamaso pa ana ake, akufuna amulipire. M'nkhani ina wantchito ali ndi dimba lake lachonde, akuwerengera kale matumba amene adzakolole, osadziwa kuti akuluakulu a m'tauni aliika kale diso dimbalo. Amene akutifotokozera nkhaniyo ndi mnyamata wosalabadira chilichonse, wongokhalira kupha njiwa ndi kusewera makadi, ndipo kusalabadira kwakeko n'kumene kumaluma kwambiri.

Tsono wolokani malire, mubwere ku Chiradzulu, ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kodi ife tinalibe a Madala? Tinali nawo, ndipo ambiri anachokera ku Mozambique komweko. Kuyambira cha m'ma 1890 Alomwe anakhamukira kuno kuthawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho ndi chibalo. Malo okhala anawapeza pa maesiteti a azungu, ndipo lendi yake inali thangata. Pa pepala unali mwezi umodzi wolipirira malo ndi wina wolipirira msonkho, koma pa maesiteti ngati a A. L. Bruce ku Magomero miyeziyo inkatalika. Ukalephera kumaliza gawo lako, tsikulo silinkalembedwa pa tikiti. Chikoti chinalipo. Amayi amasiye nawo ankagwira. William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero, ankatentha matchalitchi amene anthu a Chilembwe ankamanga m'deralo, ndipo usiku wa pa 23 January 1915 anthu omwewo anamudula mutu. Mu 1953 ku Thyolo kunabukanso chipolowe, anthu n'kufa, nkhani yake malo ndi chitaganya. Zonsezi zinapitirira mpaka 1962 pamene lamulo linathetsa thangata.

Taonani kulemera kwa nkhani zimenezi! Koma ife tinazichita chiyani? Tinaziika m'buku la mbiri, n'kuziloweza, n'kukhoza nazo mayeso. Pa 15 January timapuma ku ntchito, wailesi imaimba nyimbo, andale amalankhula ku Mbombwe. Funsani mwana wa Fomu 4 kuti thangata n'chiyani, akuyankhani bwinobwino. Mufunseni kuti mayi wa ku Magomero ankamva bwanji akamasiya munda wake uli ndi udzu kupita kukapalira thonje la mzungu mvula ili mkati, angokuyang'anani. Si vuto lake. Chiwerengero ndi chaka sizilowa mu mtima. Chimalowa ndi munthu wa dzina, wa m'mimba mopota, ndipo ameneyo amabwera ndi wolemba nkhani.

Mabuku a Chichewa amene tinakula nawo ndimawakonda, ndipo sindilola munthu awanyoze. A Gwengwe, a Chadza, a Ntaba ndi a Zingani anatiphunzitsa kukoma kwa chilankhulo chathu. Komabe m'nkhani zambiri zimene tinkawerenga ku sukulu, umphawi unkabwera chifukwa cha ulesi, mowa, ufiti, kapena mwana wosamvera amene wathawira m'tauni. Wolakwa anali wa m'mudzi momwemo. Mwini malo, mwini sikelo, mwini kaundula wa ngongole, ameneyo sankaoneka. Tinakula tikuganiza kuti munthu amasauka chifukwa cha khalidwe lake, chonsecho m'maboma a tiyi mabanja akulima pa phiri chifukwa chigwa chonse chinapita kalekale.

Zifukwa zake zilipo, ndipo si zachabe. Makina osindikizira poyamba anali a mishoni. Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara limene linapambana mphoto mu 1933, linalembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo njira yake ndi ya munthu wosochera amene pamapeto atembenuka mtima. Kuyambira 1948 mabuku a zilankhulo zathu ankadutsa ku bungwe la boma la atsamunda lomwe linkatumikira Northern Rhodesia ndi Nyasaland limodzi. Ndani akanapereka kumeneko nkhani ya kapitawo ndi mwana wa Madala? Titalandira ufulu, mu 1968 kunabwera bungwe lounika mabuku ndi zisudzo, lumo lake lakuthwa kuposa la atsamunda. Kamuzu anali atapalana ubwenzi ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ankagwirizana ndi Apwitikizi, ndipo Jorge Jardim, mzungu wamphamvu wa ku Beira, anali kazembe wapadera wa Malawi kumeneko. M'dziko lotero kulemba za nkhanza za mzungu pa munda kunali kuponda mchira wa boma. Choposa apo, eni maesiteti atsopano a fodya anali Kamuzu mwini, nduna zake ndi akuluakulu a chipani. Wolemba za thangata wakale akanaoneka ngati akuloza chala wa lero.

Ndikuvomera zonsezo. Koma mantha okha sangatiwombole pa mlanduwu, chifukwa Honwana naye sankalemba ali pa mtendere. Chaka chomwecho cha 1964 apolisi achinsinsi a PIDE anamumanga, n'kukhala m'ndende zaka zitatu. Ifenso tinali ndi olimba mtima: Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 chifukwa cha ndakatulo, ndipo Paul Tiyambe Zeleza mu Smouldering Charcoal analemba umphawi wa m'tauni ndi ndende mosabisa mawu. Koma mivi yawo inkalasa Kamuzu. Munda wa mzungu unatsala osalasidwa, ndipo kuchokera 1994 lumo lija linabuntha.

Pali pamodzi pomwe ife tinawaposa anzathuwa, ndipo ndinena mokweza. Honwana analemba m'Chipwitikizi. Madala weniweni sakanatha kuwerenga nkhani yake yomwe, ngakhale Maria. Ife takhala ndi mabuku a nkhani m'chilankhulo cha anthu wamba kwa zaka pafupifupi 100, mabuku oti mwana amatha kuwerengera agogo ake pakhonde. N'chifukwa chake zikundiwawa kwambiri. Khasu tinali nalo m'manja, munda wake ndi umene sitinaulime. Ndipo sindikunena kuti ku Mozambique zinthu zinakoma atachoka Apwitikizi mu 1975. Midzi yokakamiza inabwera, nkhondo inabwera, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, tinawalandira ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Pa mtendere sindingasinthanitse Malawi ndi dziko lililonse. Ndikukamba za buku basi.

Ku Zimbabwe nkhaniyi inalembedwa, koma poyamba kuchokera pakhonde la mzungu. Mu The Grass Is Singing, buku la Doris Lessing la 1950, osauka ndi azungu eni famu, Dick ndi Mary Turner, ndipo anzawo akuwada chifukwa umphawi wawo ukuchititsa manyazi khungu loyera pamaso pa antchito. Ndi buku lolimba, lowona mtima. Mmenemo mulinso m'bale wathu: mnyamata wowonda amene wayenda pansi kuchokera ku Nyasaland kudzafuna ntchito ya m'nyumba. Amangodutsa, osakhalitsa, mayi wa nyumbayo atatopa naye. Pamene anthu athu masauzande ndi amene ananyamula mafamu a fodya a Rhodesia pamsana, ndipo zidzukulu zawo, zotchedwa mabhurandaya, n'zimene zinasowa kolowera mafamu atalandidwa kuyambira 2000. Mnyamata ameneyo ndi wathu, nkhani yake inayenera kulembedwa ndi ife. Za ku Zambia sinditaya nazo nthawi: tsankho lawo lotchuka linali la ku migodi ndi logulira nyama pa windo, ndipo pa nkhani ya munda iwo ndi ife tili m'bwato limodzi.

Wina anena kuti azungu anapita, bwanji kufukula zakale? Choyamba, pitani ku Thyolo mukaone amene ali ndi chigwa ndi amene ali pa mtsetse. Chachiwiri, dongosololo silinafe mu 1962, linangosamukira kumpoto ndi pakati. Mpaka cha m'ma 1990 mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa burley, anali wa maesiteti okha. Malole ankatenga mabanja ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo kupita nawo ku Kasungu, ku Mchinji, ku Mzimba ndi ku Rumphi kukakhala matenanti. Chimanga cha phoso n'cha ngongole, feteleza wa ngongole, khasu la ngongole, mchere wa ngongole. Banja lonse m'munda, ana omwe. Fodya akagulitsidwa ku okushoni, bwana amatsegula kaundula wake, n'kuchotsera, n'kuchotsera, mpaka tenanti amauzidwa kuti iye ndi amene watsala ndi ngongole. Ndalama ya basi yobwerera kwawo palibe, ndiye amakhalanso chaka china. Bwanayo tsopano ndi wakuda, amapemphera tchalitchi chimodzi ndi ife, ndipo tenanti akamutchula amamutchula ndi mtundu wake, osati dzina. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, patatha zaka 59 chithetsereni thangata.

Tsiku lowerengera ngongole limenelo palokha ndi nkhani yathunthu: bambo waima chipewa chili m'manja, mkazi wake ali panja ndi mwana kumsana, kalaliki akuwerenga manambala amene bamboyo sangathe kuwatsutsa. A Malawi Writers Union, aphunzitsi a Chichewa, inu amene mumatumiza nkhani zazifupi ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, zachikondi ndi za asing'anga onyenga zatikwana. Amene anagwirako thangata ali anyamata chaka cha 1962 chisanafike lero adutsa zaka 80. Ena alipobe m'midzi ya Thyolo ndi Chiradzulu, akukumbukira dzina la kapitawo, kukula kwa gawo la tsiku limodzi ndi nyimbo zimene ankaimba popalira. Amene anakhalapo matenanti ndiye ali paliponse, ena ndi achibale athu enieni. Tengani kope ndi cholembera mupite chaka chino, ndipo mukalembe m'Chichewa kapena m'Chilomwe, kuti zidzukulu zawo zidzawerenge popanda womasulira.