ATAR ndi imodzi, koma silabasi ndi zosiyana

Alembi, mwanena zoona kuti mayunivesite a ku Australia amalandira ATAR (nambala imene amasankhira ana omaliza sekondale) kuchokera kuchigawo chilichonse, koma mwasiya zina. ATAR si malikisi ayi, ndi malo a mwana pakati pa anzake amsinkhu wake. Wopeza 80 waposa ana pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse, ndipo pamwamba penipeni ndi 99.95. Komatu mayeso omalizira sekondale ndi osiyana: ku Sydney amalemba HSC pomwe ku Melbourne amalemba VCE, ndipo chigawo cha Queensland chidasiya OP, njira yake yakale yosanjira ana, n'kuyamba ATAR mu 2020. Amene amandimvetsa chisoni ndi ana osamuka chigawo ali mu Year 11, kutatsala chaka chimodzi kuti amalize sekondale. Amakapeza mabuku achizungu ndi ena, kachongedwe ka mayeso n'kena, anzawo atapita kale patali.