Inu osamalira okalamba ku Mangalande, foni ikhale m'chikwama

Ndikulankhula ndi inu ana athu amene mukugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kuno ku UK, kaya munachokera ku Lilongwe, ku Mzimba, ku Chipata kapena ku Harare. Zimene ndikuona pa TikTok ndi pa status ya WhatsApp masiku ano zandifika pakhosi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundilole ndikutsineni, ngakhale zikuwaweni.

Mtsikana wavala yunifolomu, baji ili pachifuwa, dzina la kampani likuwerengeka bwinobwino, akuvina m'kolido nthawi ya shifiti ya usiku. Kumbuyo kwake chitseko chili pululu, agogo a eni ali pabedi, bulangeti lagwera pansi, thewera lili poyera. Wina wajambula mayi wodwala dementia, matenda oiwalaiwala aja, atakumbatira chidole ngati khanda, akuchiimbira nyimbo, pansi pake n'kuikapo tinkhope toseka. Mnyamata wina wakhala pambali pa bambo wokalamba akumuphunzitsa mawu otukwana a Chichewa. Bamboyo akubwereza mosangalala, akuyesa akuphunzira moni, gulu lonse la pa WhatsApp likufa nacho chikhakhali. Ana inu, munaleredwa ndi ndani?

Kwathu posambitsa wodwala timatseka chitseko, pawindo n'kupachikapo chitenje, ana n'kuwathamangitsira kubwalo. Palibe amene anatiphunzitsa zimenezi m'kalasi, tinangoona amayi athu akuchita. Nanga mwangokwera ndege basi, mwambo wonsewo mwausiya pa Chileka? Munthu amene mukumusekayo anali mphunzitsi, anali namwino, anayendetsa basi zaka makumi atatu, analera ana ndi zidzukulu. Lero waiwala dzina la mwana wake, sangathe kudzipukuta yekha, ndipo wakulolani kuona thupi lake chifukwa alibe pothawira. Chimenechi n'chimene chimandiwawa kwambiri. Wakupatsani chinsinsi chake chomaliza, inu mukuchisandutsa choseketsa anzanu.

Ndipo musandiuze kuti anavomera. Ndamva zimenezo kambirimbiri, eti agogowo amakonda kamera, anamwetulira. Kumwetulira si chilolezo. Lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu povomera chinthu ayenera kumvetsa nkhaniyo, kuisunga m'mutu, kuilingalira bwino, ndi kunena chimene wasankha. Mayi amene sakukumbukira ngati wadya m'mawa angamvetse bwanji kuti nkhope yake ikafika m'mafoni a anthu a ku Ndirande, ndipo sidzachokamonso? Ngakhale zithunzi zimene care home imaika pa tsamba lake la Facebook, za Khirisimasi kapena za tsiku lobadwa, zimajambulidwa ndi chipangizo cha kuntchito, fomu ya chilolezo itasainidwa kale. Foni yanu siili m'gulu limenelo.

Ngati ulemu sukukugwirani mtima, tamvani za malamulo. Kuyambira mu 2015, pansi pa Criminal Justice and Courts Act, wosamalira odwala amene wazunza kapena kulekerera mwadala munthu amene akumusamalira akhoza kulowa m'ndende mpaka zaka 5. Makhoti kuno aweruzapo kale anthu chifukwa cha mavidiyo onyoza okalamba, ndipo umboni wake unali foni ya wolakwayo. Palinso Data Protection Act ya 2018, imene imaletsa kuulula zachinsinsi za munthu popanda chilolezo. Ndiye pali DBS, bungwe la boma losunga mndandanda wa anthu oletsedwa kugwira ntchito yosamalira ena. Dzina lanu likalowa pa mndandanda wa oletsedwa, ntchito iliyonse yosamalira akuluakulu odwala yatha, ndipo kuifunsira kumene ndi mlandu. Ambiri a inu viza yanu yamangiriridwa kwa olemba ntchito. Akakuchotsani amadziwitsa Home Office, unduna woona za maviza, ndipo kawirikawiri mumapatsidwa masiku 60 okha kuti mupeze wina wokuimirani kapena muzipita. Musaganize kuti wina apezeka msanga. Pakati pa July 2022 ndi December 2024 boma linalanda makampani oposa 470 a ntchito imeneyi ziphaso zolembera antchito ochokera kunja, zomwe zinakhudza antchito oposa 39,000, ndipo ambiri mwa iwo anatsala akusakasaka malo omwewo amene inu mukuseweretsa. Kuyambira pa 22 July 2025 khomo lolowera pa viza ya care worker kuchokera kunja linatsekedwa. Mukabwezedwa, njira imene munadzerayo kulibenso. Amayi anu anagulitsa munda kuti mupeze ya tikiti, inu n'kukataya zonsezo chifukwa cha vidiyo ya masekondi makumi awiri?

Ena mumati status imafufutika yokha pakatha maola 24, kapena munangotumiza ku gulu la pabanja. Gulu la pabanja lili ndi anthu angati? Mlamu wanu akajambula sikirini n'kutumiza kwa mnzake, inu mudziwa? Ndipo amene amakanena kwa manijala nthawi zambiri si mlendo ayi. Ndi mnzanu wa pa shifiti amene munakangana naye dzana za rota, kapena mdzukulu wa agogowo amene naye ali pa TikTok pomwepo.

Ngakhale mutadzijambula nokha popanda wokalamba pafupi, tayang'anani kumbuyo kwanu. Pa khoma la mu ofesi pali bolodi la mayina ndi manambala a zipinda. Pa tebulo pali MAR chart yotsegula, pepala lija lolembapo za mankhwala, dzina la munthu, tsiku lobadwa ndi mankhwala ake onse zikuoneka kwa aliyense amene angakulitse chithunzicho ndi zala ziwiri. Inu oyenda m'makomo, ndaonapo chithunzi cha pepala la rota lili pa mpando wa galimoto, maadiresi ndi manambala otsegulira kabokosi ka makiyi zili poyera. Mayi wa zaka 90 wokhala yekha, inu mwalengeza ku dziko lonse mmene munthu angalowere m'nyumba mwake.

Tsopano za maphunziro, pakuti napo pali manyazi ena. Care Certificate, maphunziro oyambira a wosamalira anthu, inayamba mu 2015 ndi mitu 15, ndipo mu 2025 anawonjezerapo wa nambala 16. Muli za kusunga chinsinsi, za ulemu, za kupewa matenda opatsirana, za kuteteza akuluakulu ku nkhanza, za chakudya ndi zakumwa. Koma ndikudziwa mmene ena mumachitira maphunziro a pa kompyutawo. Laputopu ili pa tebulo la kukhitchini, dzanja lina likuvundula nsima, lina likungodina kuti tsamba lipite. Mayankho a mayeso mukutumizirana pa WhatsApp. Ena mumapereka pasiwedi kwa msuweni amene anabwera kale kuti akulembereni. Ena mpaka kugula satifiketi kwa munthu wa pa Facebook amene simunamuonepo nkhope. Satifiketi mudzakhala nayo, inde. Nanga tsiku limene mudzaime nokha m'chipinda ndi bambo wolemera makilo 100, hoist, makina onyamulira munthu, ili apo, sling, nsalu yomunyamuliramo, ili m'manja, malamba ake a mitundu yosiyanasiyana simukudziwa lokoleka pati? Lamba mmodzi akakolekedwa molakwika munthu amapendekeka n'kutsetserekera pansi, ndipo chiuno cha nkhalamba chikathyoka ambiri sadzukanso. Care plan, ndondomeko ya kasamalidwe ka munthuyo, ikati anyamulidwe ndi anthu awiri, ndiye kuti awiri, ngakhale mnzanu atachedwa ku chipinda china.

Chimodzimodzi zakumwa. Pali okalamba amene mmero wawo sumeza bwino chifukwa cha sitiroko kapena dementia, ndipo tiyi wawo amathiridwa ufa wapadera kuti alimbe pa mlingo umene katswiri analemba. Inu pomva chisoni mukuti agogowa akufuna madzi enieni, n'kuwapatsa kapu ya madzi wamba. Madziwo amalowera ku mapapo, pakapita masiku ochepa chibayo. Mtima wanu unali wabwino, koma phunziro lija munalidumpha mukuphika. Safunsa anadya phula. Ngati Chingerezi cha mphunzitsi chikuthamanga, muimitseni abwereze. Ngati nesi wanena chinthu pa handover, posinthana shifiti, simunamve, funsaninso, ngakhale kachitatu. Ndikudziwa mantha ake, mumaopa kuti aziti wa ku Africa uyu sakudziwa ntchito. Amene amafunsa ndi amene ife akale timamukhulupirira. Ndipo ngati kampani yakuponyani pa shifiti isanakuphunzitseni kugwiritsa ntchito hoist, kanani mwaulemu, mulembe imelo kuti pakhale umboni. Kuphunzitsa antchito ndi udindo wawo, ndipo CQC, bungwe loyendera nyumba zosamalira anthu, ikabwera imayang'ana zimenezo.

M'nyumba zambiri zolemba zonse tsopano zili pa timafoni ndi matabuleti a kuntchito, aliyense ndi pasiwedi yake. Ndiye ndimaona kapepala kachikasu katamatidwa kuseri kwa tabuleti, pasiwedi italembedwa ndi bolopeni. Ndimaona wina akupatsa wa agency login yake kuti ntchito ifulumire. Mwana wanga, chilichonse cholembedwa pa dzina lako ndi chako. Ngati palembedwa kuti agogo anatembenuzidwa 2 koloko usiku pamene sanakhudzidwe, n'kutuluka chilonda cha pabedi, ofufuza sadzafunsa kuti tabuleti inali m'manja mwa ndani. Adzawerenga dzina.

Akuba a pa intaneti nawo sagona. Mu August 2022 analowa m'makompyuta a Advanced, kampani yopanga mapulogalamu a zipatala za boma za NHS ndi a ntchito zosamalira anthu, kudzera pa akaunti imodzi imene inalibe chitetezo chachiwiri chija cha nambala yobwera pa foni. Anatenga zachinsinsi za anthu oposa 79,000, kuphatikizapo malangizo a kalowedwe m'nyumba za anthu 890 osamaliridwa pakhomo. Mu 2025 ICO, bungwe loteteza zachinsinsi za anthu, inalipiritsa kampaniyo mapaundi oposa 3 miliyoni. Akaunti imodzi yokha. Ndiye imelo ikabwera yoti dinani apa muone payslip yatsopano, kapena yoti viza yanu ili ndi vuto lowetsani pasiwedi msanga, musadine. Pitani ku ofesi mukafunse ndi pakamwa. Uthenga wa pa foni wokayikitsa mutha kuutumiza ku 7726, ndi ulere. Mukaona wokalamba akulankhula pa foni ndi munthu wodzitcha wa ku banki, akumuuza kuti awerenge manambala a pa khadi, muthandizeni kudula foniyo, aimbe 159 kuti alumikizidwe ndi banki yake yeniyeni, ndipo mudziwitse wamkulu wa shifiti nthawi yomweyo.

Khadi la banki la wokalamba musaligwire. Ngakhale akuchondereni kuti mukamugulire maswiti, ngakhale akuuzeni PIN yekha, pali njira yake ya ku ofesi yokhala ndi malisiti ndi siginecha. Mawa adzaiwala kuti anakutumani, mwana wake adzaona ndalama zatuluka, ndipo mlandu wogwiritsa ntchito udindo pobera munthu, pansi pa Fraud Act ya 2006, umafika zaka 10. Za kupemphana ubwenzi pa Facebook ndi abale a okalamba, kapena kuwadandaulira za fizi ya mng'ono wanu kumudzi, zisiyeni.

Sindikulankhula ngati munthu wosadziwa kulemera kwa ntchitoyi. Maola 12 uli chiimire, msana ukuwawa, kunja kwada 4 koloko masana, ukatuluka basi yapita, kunyumba kulibe wokulandira. Ena mwa okalamba omwewo amakutukwanani chifukwa cha khungu lanu, ena amakulavulirani. Kuyambira March 2024 obwera kumene sanaloledwenso kubwera ndi mabanja awo, ndiye ambiri mwasiya ana kumudzi, foni ndiyo yatsala yokulumikizani nawo. Ndikumvetsa. Imbirani ana anu nthawi yopuma, m'chipinda cha antchito, mulire ngati kuli kulira. Kutukwanidwa kukanenedwe kwa manijala ndipo kulembedwe. Koma mkwiyo ndi kusungulumwa kwanu zisathere pa munthu amene sangathe kudziteteza.

Nanunso muli kumudzi ndikukuonani. Ndinu amene mumati tatumiza tione azungu ako, ndinu amene mumaseka n'kupititsa kwa ena. Mukumukumbira dzenje mwana amene akukutumizirani ya feteleza. Ndipo amene akukulonjezani pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti mulipire mamiliyoni akupezereni ntchito ya care ku UK, dziwani kuti njira imeneyo inatsekedwa, akungofuna kukudyerani.

Mukaona mnzanu akuzunza wokalamba, kumukankha, kumumana chakudya, kumutsekera m'chipinda, malo ake si TikTok. Uzani manijala. Akapanda kuchitapo kanthu imbirani a safeguarding, oteteza anthu ku nkhanza, ku khonsolo ya dera lanu kapena CQC, ndipo ngati moyo uli pangozi, 999. Lamulo la 1998 loteteza oulula zoipa pa ntchito limakutetezani inunso, ngakhale muli pa viza. Ngati muli ndi chithunzi chimene ndi umboni wa nkhanza, musachifufute ndipo musachigawe, chiperekeni kwa ofufuza.

Zina zonsezo, zovina, zoseka, zodzijambula mu ofesi, zichotseni lero pa TikTok, pa Facebook, m'foni, ndi ku Google Photos kapena iCloud kumene zimakadzisunga zokha. Inu ma admin a magulu a Amalawi, a mpingo ndi a maliro omwe, lembani lamulo loti chithunzi cha wokalamba wa kuntchito chisalowe m'gulu. Ine ndikachiona m'gulu limene ndilimo ndidzayamba ndakuimbirani inuyo mwini wake, tilankhulane ngati mayi ndi mwana. Mukakana kuchichotsa, ndidzaimbira kuntchito kwanu.