Kwa Inu Okaona Manda a Mafarao ku Egypt: Manja Kumbuyo

Ana anga, masiku ano zithunzi za paulendo zimafika m'mafoni mwathu mwini ulendoyo asanabwerere n'komwe, ndipo zina zimene ndakhala ndikuona kuchokera ku Egypt zandikanika kuzimeza. Wina watsamira chipilala chozokotedwa cha kachisi wa ku Karnak ngati akudikira minibasi, wina waika chikhatho pankhope ya mfumu yojambulidwa m'manda ku Luxor, winanso wakwera miyala ya piramidi, manda aakulu a mafumu akale, ku Giza ndipo akunyadira kuti mlonda sanamuone. Ochita zimenezi amachokera kumbali zonse za dziko lapansi, koma ine ndikulankhula ndi inu amene mukumva chilankhulo chino, chifukwa inu ndiye mulibe chowiringula. Kwathu mwana amaletsedwa kuloza manda ndi chala, ndipo munthu salowa kumanda mwachisawawa popanda kudziwitsa mfumu. Kodi ulemu umenewu mumausiya pabwalo la ndege?

Malo amene amatchedwa Valley of the Kings, kutsidya kwa mtsinje wa Nile chakumadzulo kwa mzinda wa Luxor, ndi manda enieni. Muli manda opitirira 60 amene anagobedwa m'thanthwe zaka zoposa 3,000 zapitazo, ndipo kugula tikiti pachipata sikuwasandutsa bwalo la masewera. Zithunzi zimene mumazizwa nazo pamakoma ake ndi utoto wopakidwa pa pulasitala wopyapyala, ndipo zinakhalitsa chonchi chifukwa zinali mumdima, pouma, popanda wopumirapo. Mlendo aliyense wolowamo amabweretsa chinyezi cha mpweya wake, thukuta ndi fumbi la kunsapato. Mwala wa kumeneko uli ndi mchere, ndipo mcherewo ukanyowa umasungunuka, ukauma umaundana n'kukankha pulasitala mpaka kumatuka pamodzi ndi utoto wake. Ngati kungopuma kokha kumavulaza khoma, kuli bwanji chala cha mafuta chimene changogwira kumene chakudya? Mudzanena kuti mwangokhudza kamodzi kokha. Inde, chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma zala zikwizikwi za anthu odutsa pamalo amodzimodziwo chaka ndi chaka zimafafaniza nkhope imene inapirira zaka zikwi zitatu.

Taonani manda a mfumukazi Nefertari, mkazi wa mfumu Ramesses II, amene anapezeka mu 1904 m'chigwa choyandikana ndi Valley of the Kings. Mchere unawadya kwambiri moti anatsekedwa kwa zaka zambiri, ndipo akatswiri a ku Egypt pamodzi ndi a bungwe la Getty Conservation Institute anagwira ntchito kuyambira 1986 mpaka 1992, akumata tizidutswa ta pulasitala kamodzikamodzi. Mandawa akhala akutsegulidwa ndi kutsekedwa, ndipo akatsegulidwa mlendo amangopatsidwa mphindi ngati khumi. Manda a mfumu Tutankhamun, amene wofukula zinthu zakale Howard Carter anawapeza mu 1922, nawonso anatopa ndi alendo, kotero kuti mu 2014 anatsegula manda ofanizira pafupi ndi nyumba imene Carter ankakhala, ndipo ntchito yokonza manda enieniwo, yoika zotchinga ndi makina osinthira mpweya, inatha mu 2019. Choncho mlonda akakuuzani kuti nthawi yanu yakwana, tulukani mwakachetechete, musayambe kukangana naye ngati wakuberani chenji.

Chimene chimandinyansa koposa ndi khalidwe lolemba mayina. Mu 2013 mnyamata wina wa ku China anakanda dzina lake pachithunzi chozokotedwa m'kachisi wa ku Luxor. Mlendo mnzake anajambula zimenezo n'kuziika pa intaneti, dziko lonse linaona, ndipo mapeto ake makolo ake ndiwo anapepesa poyera. Mwana analemba kwa kanthawi kochepa, manyazi anagwera banja lonse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo dzina lokandidwa pakhoma la eni limatsata munthu kuposa mlomo.

Ndikudziwa kuti alipo ena ochenjera pakamwa amene adzati khalidweli ndi lakale. N'zoona. Asilikali achigiriki anazokota mayina awo pamwendo wa chifanizo cha Ramesses II pa kachisi wa ku Abu Simbel, kum'mwera kwa Egypt, zaka pafupifupi 2,600 zapitazo, ndipo m'manda a Ramesses VI muli zolembalemba zambirimbiri za alendo a m'nthawi ya Aroma. Giovanni Belzoni, wofukula zinthu zakale amene anapeza manda a mfumu Seti I mu 1817, analemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu m'kati mwa piramidi ya Khafre mu 1818. Koma pitani mukaone manda a Seti I omwewo. Anthu a m'zaka zimenezo ankamata phula ndi mapepala onyowa pamakoma kuti atengere chithunzi, utoto n'kumapita nawo, ndipo ena anadula zigawo zathunthu za khoma zimene lero zili ku Paris ndi ku Florence. Kulakwa kwa akale ndi chilonda chimene eni dziko akuchipoletsabe, ndipo simungachitenge ngati chilolezo. Ifenso tikuchidziwa chilonda chotere, pakuti zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazivomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, zina zinaipitsidwa ndi anthu olembapo mayina awo.

Pali nkhani ya alonda imene ndiyenera kuinena mosabisa. M'manda ndi m'akachisi ena mudzapeza mlonda akukukodolani kuti mudutse chingwe, mulowe m'kachipinda kotsekedwa kapena mugwire bokosi lamwala la mfumu, akuyembekezera kangachepe kamene kumeneko amati bakshish. Kumuthokoza munthu amene wakuthandizani ndi mwambo wa kumeneko ndipo palibe cholakwika, koma kumulipira kuti aphwanye lamulo limene analembedwera ntchito kuti alisunge ndi chiphuphu basi, ngakhale ndalamayo ichepe bwanji. Chingwe chimene mwadumphacho chinaikidwa chifukwa kuseri kwake kuli chinthu chosalimba.

Musaganize kuti boma la Egypt limangoyang'ana. Lamulo loteteza zinthu zakale la 1983 lakhala likukhwimitsidwa, ndipo kuyambira 2020 munthu wokwera piramidi kapena chipilala chakale popanda chilolezo akhoza kumangidwa kapena kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi a ku Egypt 100,000. Piramidi yaikulu ya Khufu ndi yaitali mamita pafupifupi 138, miyala yake ndi yoperepeseka m'mphepete, ndipo anthu afapo pogwa. Kaphale kapena kamwala kozokotedwa kamene mwatola pansi kuti mukaonetse anzanu kumudzi kakapezeka m'chikwama pabwalo la ndege, mlandu wake ndi wozembetsa zinthu zakale, ndipo mudzafotokoza nkhaniyo kupolisi m'dziko limene simudziwa chilankhulo chake.

Za dzuwa sindichulukitsa, popeza ndinu akuluakulu. Ku Luxor kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya June, July ndi August, choncho lawirirani m'mamawa, nyamulani madzi, ndipo botolo lake mubwerere nalo. Kumbukiraninso kuti m'kati mwa kachisi wa ku Luxor muli mzikiti wa Abu Haggag umene anthu amapempheramo mpaka lero, choncho zovala ndi phokoso lanu zikhale za munthu wodziwa kuti pafupi pali opembedza.

Mukadzafika ku Abu Simbel, dziwani kuti akachisi awiri amene mukuwaonawo sali pamalo pamene Ramesses II anawasiya. Damu la Aswan pamtsinje wa Nile litayamba kudzaza, madzi akanawamiza, ndipo pakati pa 1964 ndi 1968 mayiko ambiri anasonkha ndalama ndi akatswiri kudzera ku UNESCO. Anacheka akachisiwo m'zigawo zoposa 1,000, zina zolemera matani 30, n'kuzikweza mamita 65 pamwamba, ndipo anazilumikiza mosamala kotero kuti dzuwa limalowabe mpaka kuchipinda cham'kati kawiri pachaka, mu February ndi mu October. Pamene amisiri ankacheka nkhope za zifanizo anagwiritsa ntchito macheka apamanja kuti mwala ungagumuke. Inu mukadzaima pamenepo ndi makiyi a kuhotela m'manja, muwabwezere m'thumba.